Mbatata imene inabwera ndi mafunso

Chaka chimene bambo anu anamwalira

Malita ndi Domingo, za ubwana wanga sindilemba, mulibe chimene simukuchidziwa. Sukulu ndinalekeza Sitandade 5, choncho mukaona cholembera chatsetsereka musaseke. Ndiyambira pamene ndinayamba kulandira malipiro, chifukwa pa ntchito imeneyo pali nkhani ina imene inalembedwa m'buku ndi anthu ena, ndipo ndikufuna muimve kuchokera kwa ine.

Bambo anu atabwera kuchokera kodula nzimbe ku Chikwawa akudwala, sanathe miyezi inayi. Tinawaika kwawo, kwa Mlolo, tsidya lija la Shire. Maliro atatha akuluakulu a pamudzi anafuna kuti ndichite mwambo wa kulowa kufa, woti wamasiye agone ndi mwamuna wina pochotsa imfa, ine ndinakana. Anthu anasiya kundipatsa moni, ena anakana kutunga nane pa mjigo. Amene anaima nane anali munthu mmodzi, azakhali anu a Luwiza, mlongo wa bambo anu. Anandisenzera katundu mpaka padoko, iwe Domingo uli kumsana kwawo, ndipo pokwera bwato anandiuza kuti, "Mlamu, pitani kwanu kwa Tengani mukalere ana. Za kunozi ndisiyireni ine, pakamwa ndili napo." Musaiwale zimenezi, mudzaona chifukwa chake kutsogoloku.

Ntchito yoyamba ndinaipeza ku boma la Nsanje, pa nyumba ina yogona alendo. Ndinkasesa, kuchapa ndi kuphika. Pamenepo m'pamene pankafikira anthu a ku yunivesite ina ya kumtunda, obwera kudzachita kafukufuku. Tsiku lina ndinawapeza pakhonde akulimbana ndi gogo wina wogulitsa nsomba. Gogoyo ankayankhula Chisena chokhachokha, iwo akungoyang'anana. Ndinaika tsache pansi n'kuwamasulira. Mkulu wawo, amene aliyense ankangomutchula kuti Apulofesa, anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kufunsa ngati ndimadziwa kupalasa njinga. Sabata yotsatira ndinali wantchito wa pulojekiti.

Zaka zisanu zoyamba

Ntchito yanga inali kuperekeza ophunzira m'midzi, kusonkhanitsa amayi ndi kumasulira. Ophunzirawo ankachita maphunziro a chimene ankati bizinesi yothandiza anthu. Apulofesa anandifotokozera kuti si zopereka zaulere ayi, komanso si malonda ongofuna phindu, koma malonda amene wogulitsa amapeza kenakake kwinaku mudzi ukupepukidwa pa vuto lake. Ndinavomera kuti n'zabwino, ndipo mpaka lero ndimati n'zabwino. Chimene chinkanditopetsa ndi kachitidwe kake.

Ankabwera chaka chilichonse nkhope zatsopano, koma mafunso ake omwewo. Mumadya kangati pa tsiku? Muli ndi mbuzi zingati? Masomphenya anu a zaka zisanu ndi otani? Funso la masomphenyali ndinalimasulira kwa mayi wina amene nyumba yake inali itagwa kawiri ndi madzi, iye anandiyang'ana n'kunena kuti, "Auzeni kuti akafunse Shire." Mwana wa sukulu amene ankafunsayo analemba mu tabuleti yake kuti mayiyu alibe masomphenya. Misonkhano ankaitanitsa 2 koloko masana mwezi wa Okutobala, nthawi imene ngakhale mbuzi zimakana kuchoka pamthunzi. Ndikawauza kuti tiyambe m'mawa kusanatenthe, ankati ndondomeko inavomerezedwa kale ku ofesi. Mmodzi anakomoka pa msonkhano wake womwe, amayi amene anabwera kudzafunsidwa n'kumamukupizira ndi zitenje. Galimoto inkasowa mafuta, matabuleti ankatha moto funso lili pakati, ndiye tinkabwereranso mawa lake kukafunsa munthu yemweyo ngati mbuzi zake zidakali zitatu. Apulofesa okha ankafika kawiri pa chaka, kujambulitsa ndi amayi atavala masikipa a pulojekiti, n'kubwerera tsiku lomwelo poopa udzudzu.

M'zaka zimenezo tinayesa mbaula zosatha nkhuni, tinayesa sopo, tinayesa kuyanika masamba m'mabokosi a magalasi. Wophunzira akamaliza kulemba zake ankapita, bokosi n'kutsala nkhuku zikuikiramo mazira. Ine ndinkatsala ndi manyazi, chifukwa amene amayi ankakumana naye pamsika ndine, osati iwo.

Chaka chachisanu ndi chimodzi, chaka cha ndowa

Kenako kunabwera Tadala. Anali mtsikana wa ku Dedza, wowonda, wosaseka wamba, ndipo ankachita digiri yaikulu ija imene ukamaliza amakutcha dokotala ngakhale subaya jakisoni. Ameneyu anali wosiyana ndi anzake. Anachita lendi kanyumba kwa Tengani, anaphunzira kunena kuti "takhuta", zikomo wa Chisena, akapatsidwa madzi, ndipo nsima ya mapira ankadya osakwinya nkhope. Ine ankanditchula kuti amayi. Anabweretsa mbewu ya mbatata yofiira mkati, yocha msanga, masamba ake a nsonga zofiirira. Cholinga chinali chakuti magulu a amayi azichulukitsa mbewuyo m'manazale n'kumagulitsa kwa anzawo, kuti madzi akasefukira anthu asamadikire mabungwe. Nazale yaikulu inali pamalo okwera kufupi ndi kwathu, yotchingidwa ndi waya, ndipo kiyi wake anapatsa ine.

Koma panali chinthu chimodzi chimene sindinachimve mpaka tsiku la ndowa. Tadala anaitana nthumwi za midzi khumi ndi iwiri, ya mbali ino ndi ya kwa Mlolo. Analemba mayina a midzi pa timapepala, n'kuponya mu ndowa yanga yotungira madzi. Midzi isanu ndi umodzi imene inatuluka inalandira mbewu. Yotsalayo anati ndi midzi yoyerekezera. Imeneyo siyenera kulandira ngakhale kachidutswa kwa zaka zitatu, koma iziyankha mafunso chimodzimodzi, ana ake azikwezedwa pa sikelo chimodzimodzi, kuti pomaliza aone kusiyana kwake. Mudzi wa bambo anu unatsala mu ndowa.

Ndinamufunsa pobwerera, tikukankha njinga mumchenga. "Mwananga, ndiye kuti anthu awa ntchito yawo ndi kukhala opanda?"

"Amayi, popanda iwowo sitingadziwe ngati mbewuyi ikuthandizadi," anatero Tadala. "Tikakhala ndi umboni, boma ndi mabungwe adzaifalitsa chigwa chonse. Zaka zitatu zokha. Ikatha nthawiyo nawonso alandira."

Sankanama, ndipo sanali woipa mtima. Anandipatsa pepala ndinasaina, lolonjeza kuti sindidzatulutsa mbewu kupita ku midzi yoyerekezera. Kuyambira pamenepo ntchito yanga inawonjezeka. Mwezi uliwonse ndinkawoloka kukayendera madimba a midzi imeneyo, maso pansi ngati wapolisi, kufunafuna masamba a nsonga zofiirira. Azakhali anu akandiona ankafuula ali patali, "Afika a kapitawo a kholowa! Bisani ndiwo!" Anthu n'kumaseka, inenso n'kumaseka, koma mumtima simunali kuseka.

Chaka chachisanu ndi chiwiri

Vuto lina linabuka m'midzi yolandira. Mbewu inachita bwino kwambiri, koma amayi sankagulitsa kwa anansi awo. Kwathu kuno mbewu ya mbatata sigulidwa kwa munthu amene umadziwana naye. Ukadutsa pa dimba la mnzako umangoti, ndipatseniko kamtolo, iye amadula n'kukupatsa, ndipo yako ikayanga nawenso umapatsa wina. Amene angatchule mtengo kwa mnansi amakhala nkhani pa mjigo mwezi wathunthu. Ndinamuuza Tadala zimenezi chaka choyamba chomwe, iye anati ndi maganizo amene maphunziro adzasintha. Ndiye anachititsa maphunziro. Kunabwera mnyamata wa tayi kuchokera ku yunivesite, anajambula makwerero pa pepala lalikulu, amayi anamwa Fanta, anawomba m'manja, anabwerera kwawo n'kukapitiriza kupatsana. Kwa alendo ndi kwa mabungwe ankagulitsa ndithu, ndipo pamenepo sankanyengerera. Koma fomu ya Tadala inalibe malo olembapo zimenezo. Inali ndi malo awiri okha, wagulitsa kapena sanagulitse.

"Amayi, n'chifukwa chiyani sakumva?" anandifunsa tsiku lina, atagwira mutu.

"Akumva," ndinatero. "Amene sakumva ndi fomu yanuyo."

Anaseka pang'ono, koma fomu sanasinthe. Anati inadutsa kale ku komiti, ndipo kusintha funso limodzi kungatenge miyezi. Chodabwitsa n'chakuti ku midzi yoyerekezera mbewu sinafike. Tadala anachenjera, midzi yonse imene anaponya mu ndowa inali yotalikirana, ndipo amayi anali atauzidwa kuti mbewu ikadutsa malire pulojekiti itha. Zaka ziwiri zinadutsa madimba a kwa azakhali anu ali oyera, ine ndikulemba mu kope langa mwezi ndi mwezi kuti palibe.

Chaka chachisanu ndi chitatu, madzi atasefukira

Madzi a chaka chimenecho mukuwakumbukira, Malita unali Fomu 2. Kwa Mlolo anatenga chimanga chili ndi ngaiyaye, anatenga mapira, nkhokwe, mbuzi ndi mbatata yakale yonse. Anthu a mudzi wa bambo anu anakhala pa msasa pa sukulu ina milungu yambiri. Manazale a midzi yolandira ya kumunsi nawonso anakokoloka, koma nazale yaikulu ija ya pamtunda inatsala yobiriwira, yoyanga mpaka kukwera waya. Lamulo linali lakuti ndidule ndi kupereka ku midzi isanu ndi umodzi yolandira ija kuti ayambirenso. Ndinapereka, ndipo mbewu inatsala yambiri.

Inu ana a masiku ano mwina simudziwa mmene dimba limakhalira madzi akaphwa. Amasiya dothi lakuda lonyowa, ndipo chimene wabzala pamenepo chimakula popanda mvula. Koma chinyontho chimenecho sichidikira munthu. Dzuwa la kuno likawomba milungu yochepa, pamwamba pamang'ambika, ndipo wachedwa wachedwa mpaka chaka chamawa. Kuyeza komaliza kwa Tadala kunali mwezi wa Julayi. Apa n'kuti tili mu Epulo.

Ndinamuimbira foni ali ku sukulu kwawo. Ndinati, "Mwananga, mbewu yatsala, tsidya lija alibe chobzala. Ndiloleni ndipereke."

Anayamba wafunsa kuti yatsala yochuluka bwanji. Kenako anati, "Amayi, miyezi itatu yokha. Chaka cha madzi ngati chino ndicho chionetse bwino kusiyana. Mukapereka pano, zaka zitatu zonse zapita m'madzi."

"Kusiyana kwake mukufuna kukuone pa sikelo ya ana?"

"Musandiyankhule choncho, amayi. Mukudziwa kuti sindikufuna mwana aliyense avutike. Ndifunsa Apulofesa."

Yankho linabwera patatha masiku anayi. Apulofesa anati chithandizo cha ngozi si ntchito ya yunivesite, alipo mabungwe ake, ndipo alemba kalata yowadziwitsa. Mabungwewo anabweradi ndi ufa, nyemba ndi mapulasitiki ofolera. Mbewu anati ibwera. Sanatchule tsiku.

Lachiwiri lina m'mawa ndikuthirira, ndinaona munthu atakhala pansi kunja kwa waya. Anali azakhali anu a Luwiza. Anawoloka pa bwato n'kuyenda wapansi kuchokera padoko, chitenje chimene anavala chinali chopatsidwa ku msasa. Anali atatha, khosi ngati la mwana. Tinapatsana moni, ndinawapatsa madzi, tinakamba za amene anamwalira ndi amene anapulumuka. Nthabwala ya kapitawo sanainene. Maso awo anali pa mbewu.

"Dimba ndalima," anatero. "Mizere ili tayale. Chobzala nkhabe, palibiretu."

Ndinayang'ana loko wa pageti, iwo anandiona.

"Pepala lanu ndikulidziwa, mlamu. Sindinabwere kudzakuchotsetsani ntchito, ana a mchimwene wanga amadya pamenepo. Ndangoti ndidzaone ndi maso ngati n'zoona kuti ilipo." Anaimirira, n'kukutumula chitenje. Atayenda mapazi angapo anatembenuka n'kunena mawu amene munthu aliyense wa kuno amanena akadutsa pa dimba la mnzake. "Ndipatseniko kamtolo."

Ndikuuzeni zoona, sindinachite mwaphuma. Ndinadziwa kuti ntchito ithera pomwepo, iwe Malita usanalembe mayeso. Ndinadziwa kuti ndikupweteka Tadala, mwana amene sanandilakwire, amene anadwala malungo kawiri m'kanyumba kaja chifukwa cha kafukufuku ameneyu. Ndinadziwanso kuti kamtolo kamodzi sikakhala kamodzi. Azakhali anu sakanatha kumana mnansi, mnansiyo sakanamana wake, ndipo mbatata ikangoyanga imadulidwanso. Kupatsa iwo kunali kupatsa midzi yonse isanu ndi umodzi. Ndiye ndinaganiza kuti ngati ndikuswa lamulo, ndisaswe ngati wakuba. Ndinatsekula geti, ndinati, "Kamtolo ayi. Pitani mukaitane ena, abwere ndi njinga."

Tinadula masiku atatu, dzuwa likuswa mtengo, aliyense akuona. Mitolo tinkamanga ndi luzi n'kuikulunga m'masaka onyowa kuti isafote pa bwato. Ndinasiya mizere yokwanira kuti nazale iphukenso. Mtolo uliwonse ndinalemba mu kope lija, mudzi wake ndi tsiku lake, chifukwa ndinaphunzitsidwa kuti chochitika chizilembedwa. Tsiku lachitatu madzulo ndinamuimbira Tadala n'kumuuza zonse.

Anafika pa minibasi patapita masiku awiri. Sanalowe m'nyumba mwanga. Anaima pa nazale, kuyang'ana mizere yometedwa.

"Munasaina, amayi."

"Ndinasaina."

"Mukudziwa chimene mwandichita? Ndilibenso choyerekezera. Ndikauza chiyani komiti? Anzanga avala mikanjo chaka chino, ine ndiyambirenso?" Analira ngati mwana, ine ndinangoima manja ali kumbuyo. "Mukanadikira miyezi itatu, chigwa chonse chikanapindula. Mwathandiza midzi isanu ndi umodzi, mwamana mazana."

"Mwina n'zoona," ndinatero. "Mazanawo sindinawaone. Amene anakhala pa waya apa ndinamuona."

Ndinamupatsa kope. Poyamba anakana kulandira, kenako analitsekula, n'kuyamba kuwerenga mayina a midzi ndi masiku. Analiika m'chikwama.

Kalata ya Apulofesa inabwera mwezi wotsatira. Sanandichotse ayi, anthu ophunzira sachotsa munthu. Anati kontilakiti yanga ikatha sidzawonjezedwa, ndipo anandithokoza chifukwa cha zaka zanga. Kiyi ndinakapereka ndekha. Malita, n'chifukwa chake chaka chimenecho unakhala teremu imodzi pakhomo, ndipo ndinakuuza kuti pulojekiti yatha. Sinathe. Inandisiya ine.

Zaka zotsatira

Amayi a gulu la kwa Tengani ananditenga kuti ndiziwasamalira nazale yawo, ndipo ndinagwira pamenepo mpaka mawondo atakana chaka chatha. Amagulitsabe kwa mabungwe ndi kwa alendo, anansi amangowapatsa, monga kale. Tsidya lija anakumba mbatata mwezi wa Ogasiti chaka chomwe chija. Sindinena kuti palibe amene anagona ndi njala, analipo. Koma azakhali anu anandibweretsera dengu, ndipo anandiuza dzina limene anthu anaipatsa mbatatayo. Amaitcha Mafunso, chifukwa akuti anayankha zaka zitatu isanafike.

Tadala anachedwa kumaliza digiri yake chaka chathunthu ndi miyezi. Ndinamva kuti anavutika kwambiri ndi komiti yake, ndipo ntchito ina imene ankaiyembekezera inamudutsa. Zimenezo ndinachititsa ndine, sindikana. Anabweranso kawiri kudzazungulira midzi ija ndi kope langa m'manja, kutsata mmene mbewu inayendera kuchoka pa dimba lina kupita pa lina. Kwathu sanafike. Tinakumana kamodzi pa siteji ya minibasi ku boma, anati, "Muli bwanji amayi?" ndinati, "Ndili bwino mwananga," basi.

Chaka chino

Mwezi wathawu kondakitala wa minibasi anandisiyira phukusi pa golosale. Munali buku lalikulu lakuda, lolemera ngati njerwa, la Chingerezi lokhalokha, dzina la Tadala lili pachikuto m'malemba agolide. Kalata munalibe. Munali kapepala kotchinga tsamba limodzi, atalembapo ndi dzanja kuti, "Amayi, apa." Iwe Malita utabwera kudzandiona unandiwerengera n'kumasulira. Akuti m'chaka chachitatu cha kafukufuku mbewu inalowa m'midzi yoyerekezera kudzera mwa wogwira ntchito wina wa m'deralo, motsutsana ndi ndondomeko, ndipo kuyerekezera sikunathekenso. Akuti mitu yotsatira ikufotokoza mmene mbewu imayendera pakati pa anthu popanda kugulitsana, pogwiritsa ntchito zimene wogwira ntchitoyo analemba. Unandiuza kuti mitu yotsatirayo ndi theka la buku.

Ndinakufunsa kuti dzina langa lili pati. Unati malamulo a kafukufuku salola kutchula munthu, amatero pofuna kumuteteza. Zaka zisanu ndi zitatu ndikupalasa njinga mumchenga, kumasulira masomphenya, kukupizira okomoka, mapeto ake ndine wogwira ntchito wina. Ndipo akunditeteza kwa yani? Kwa Mlolo konse akudziwa amene anatsekula geti.

Ndiye ndati ndilembe ndekha, m'chinenero chimene azakhali anu angamve wina akawawerengera. Wogwira ntchito wina uja ndine mayi anu, Esitere Zuze, wa kwa Tengani. Ndinasaina pepala, ndinaliswa masana anthu akuona, ndipo mtsikana wosalakwa analipira chaka cha moyo wake. Bukulo lili m'sutikesi ya bambo anu, kope ili ndikulembamoli mudzaliike pamodzi nalo. Tadala akadzabwera ine kulibe, mudzamulandire bwino, mudzamuwerengere tsamba lino. Akamanyamuka mudzapite naye kuseri kwa nyumba, mudzamudulire kamtolo. Akatulutsa chikwama kuti alipire mudzamuuze kuti abweze.